Ma enzyme a chiwindi pa matenda a hepatitis

Ma enzyme a chiwindi ndi mapuloteni amene amagwira ntchito mkati mwa maselo a chiwindi, ndipo amatayikira m'magazi maselowo akavulala kapena akafa. Madokotala amayeza kuchuluka kwake pofuna kudziwa ngati chiwindi chikuwonongeka, makamaka mwa munthu amene ali ndi matenda otupitsa chiwindi oyamba ndi mavairasi, omwe kuchipatala amawatchula kuti hepatitis. Awiri amene amayezedwa kawirikawiri ndi ALT ndi AST. Kuyeza kumeneku n'kotsika mtengo poyerekeza ndi njira zina zounikira chiwindi, choncho m'Malawi ndi m'maiko ena a mu Africa kumathandiza kwambiri pogamula ngati munthu wa hepatitis B ayambe mankhwala kapena adikire. Komabe nambala ya ALT kapena AST imangosonyeza kuti maselo akuvulala m'masiku amene magaziwo anatengedwa. Sinena chimene chikuwavulaza, ndiponso sinena kuti chiwindi chatsala ndi mphamvu zochuluka bwanji.

Chiwindi ndi ma enzyme ake

Chiwindi chili m'mimba cha kumanja, kunsi kwa nthiti, ndipo cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Chimapanga ndulu, chimasunga shuga, chimaphwanya mowa ndi mankhwala, komanso chimapanga mapuloteni a m'magazi monga albumin ndi ena othandiza kuti magazi aundane munthu akatemeka. Ntchito zonsezi zimatheka chifukwa cha ma enzyme. Enzyme ndi puloteni imene imafulumizitsa kusandulika kwa chinthu china kukhala china m'thupi, iyo yokha osatha.

ALT ndi chidule cha alanine aminotransferase, ndipo AST ndi chidule cha aspartate aminotransferase. M'mabuku akale ndi pa mapepala a m'malabotale ena, ALT imalembedwa SGPT ndipo AST imalembedwa SGOT. Ndi zinthu zomwezo, maina okha ndi amene anasintha. Zonse ziwiri zimathandiza selo kusandutsa tizidutswa ta mapuloteni kukhala zinthu zopatsa mphamvu, ndipo zimadalira vitamini B6. Kusiyana kwake kwagona pa kumene zimapezeka. ALT yambiri ili m'chiwindi, kotero ikakwera m'magazi dokotala amayamba kuganizira chiwindi. AST ili m'chiwindi momwemo, komanso mu mtima, m'minofu, mu impso, mu ubongo ndi m'maselo ofiira a magazi, ndiye ikhoza kukwera chiwindi chili bwinobwino. Zimasiyananso pa kutalika kwa nthawi imene zimakhala m'magazi. Theka la AST limakhala litachoka pakatha maola pafupifupi 17, pomwe theka la ALT limatenga maola pafupifupi 47. N'chifukwa chake wodwala akayamba kuchira, AST ndi imene imayamba kutsika.

Pali ma enzyme ena awiri, ALP ndi GGT, amene amakwera kwambiri njira za ndulu zikatsekeka. Pa hepatitis ya mavairasi amakwera pang'ono chabe. ALP imapezekanso m'mafupa, motero imakhala yokwera mwachibadwa mwa ana amene akukula, komanso mwa amayi oyembekezera. GGT imakwera msanga mwa anthu omwa mowa kwambiri.

Pa pepala la kuchipatala mayeso onsewa amalembedwa pamodzi kuti LFT, kutanthauza mayeso a kagwiridwe ntchito ka chiwindi. Dzinali limasokeretsa. ALT ndi AST zili ngati utsi: zimanena kuti pena pake pakuyaka, koma sizinena kuti zigafa zapsa kale zingati ndipo zatsala zingati. Zimene zimaonetsa ngati chiwindi chikugwirabe ntchito ndi bilirubin, yemwe ndi utoto wachikasu umene chiwindi chimayenera kuchotsa m'magazi, albumin, ndi nthawi imene magazi amatenga kuti aundane, imene imalembedwa PT kapena INR.

Mbiri

Ntchito ya ma enzyme a mtunduwu anaitulukira Alexander Braunstein ndi Maria Kritzmann ku Moscow m'chaka cha 1937. Mu 1954, John LaDue, Felix Wróblewski ndi Arthur Karmen ku New York anaonetsa kuti AST imakwera m'magazi a munthu amene mtima wake wavulala chifukwa chotsekeka mitsempha. Posakhalitsa anapeza kuti imakweranso pa matenda a chiwindi, ndipo mu 1956 Wróblewski ndi LaDue anafotokoza za ALT. Mu 1957, Fernando De Ritis ndi anzake ku Naples anafotokoza kuti pa hepatitis ya mavairasi ALT imaposa AST, ndipo mpaka lero kugawa AST ndi ALT kumatchedwa ndi dzina lake.

Chochititsa chidwi n'chakuti mayesowa analipo mavairasiwo asanadziwike. Baruch Blumberg analengeza za chizindikiro cha m'magazi chimene pambuyo pake chinadziwika kuti n'cha hepatitis B mu 1965, vairasi ya hepatitis A inaoneka mu 1973, ndipo ya hepatitis C inapezeka mu 1989. M'zaka za m'ma 1970, Harvey Alter ankaona ALT ikukwera mwa odwala amene anaikidwa magazi ngakhale analibe A kapena B. Umenewu unali umboni wakuti pali vairasi ina yobisika. Kuyambira mu 1986 malo osungira magazi ku America ankataya magazi a ALT yokwera pofuna kupewa vairasi imene anali asanaione. Masiku ano bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limayeza mwachindunji hepatitis B ndi C m'magazi operekedwa.

Kayezedwe ndi malire

Magazi amatengedwa pamtsempha wa pamkono, amazunguzidwa m'makina kuti madzi ake alekane ndi maselo, ndipo madziwo amasakanizidwa ndi mankhwala amene enzyme imawasintha. Makina sawerenga enzyme yeniyeniyo. Amayeza liwiro limene mankhwalawo akusinthira, ndipo zotsatira zimalembedwa m'mayunitsi pa lita, U/L.

Malabotale ambiri amaika malire a munthu wabwinobwino pafupi ndi 40 U/L. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, pa nkhani ya hepatitis B yokhalitsa, limaika malire a ALT pa 30 U/L kwa amuna ndi 19 U/L kwa akazi. Kusiyana kumeneku sikochepa. Mayi wa hepatitis B amene ALT yake ndi 32 angauzidwe kuti zonse zili bwino ngati woona pepalalo akutsatira malire a labotale, pomwe pa malire a WHO nambalayo yadutsa kale. Madokotala amakonda kunena kukwera kwa ALT mochulukitsa malirewo, monga kawiri, kasanu kapena kakhumi, chifukwa malabotale amasiyana.

Magazi akatengedwa movutikira, akagwedezeka kwambiri panjira kapena akakhalitsa asanalekanitsidwe, maselo ofiira amasweka n'kutulutsa AST yawo m'botolo momwemo. Nambala yotero imakhala ya botolo, osati ya wodwalayo.

Hepatitis yongoyamba kumene

Mavairasi a hepatitis odziwika alipo asanu. A ndi E amafala kudzera m'madzi ndi chakudya choipitsidwa ndi chimbudzi. B, C ndi D amafala kudzera m'magazi ndi madzi ena a m'thupi, ndipo D amakhala mwa munthu amene ali kale ndi B.

Vairasi ikalowa, pamapita nthawi munthu asanamve kanthu: masiku 14 mpaka 28 pa hepatitis A, ndipo masiku 30 mpaka 180 pa hepatitis B. ALT ndi AST zimayamba kukwera munthu asanaoneke chikasu, pa nthawi imene akungomva kufooka, nseru, kusafuna kudya ndi kutentha thupi, zizindikiro zimene aliyense m'Malawi amayamba waganizira malungo. Zikafika pachimake zimatha kupitirira 1,000 U/L, ndipo kawirikawiri ALT imaposa AST. Kenaka mkodzo umada, maso amachita chikasu, ndipo bilirubin imapitiriza kukwera kwa masiku angapo ma enzyme atayamba kale kutsika. Mwa anthu ambiri ALT imabwerera m'malo mwake pakatha milungu kapena miyezi yochepa popanda mankhwala opha vairasi. Ena pa nthawiyi amakhala akudya nzimbe, kumwa madzi a shuga kapena zitsamba, ndipo akachira ulemu umapita ku zimenezo, pomwe thupi lachita lokha. Ana aang'ono ambiri amadwala hepatitis A osaoneka chikasu n'komwe.

Kukula kwa nambala sikunena amene achire ndi amene afe. Munthu wa ALT ya 2,000 amene akudya, akuyankhula bwino ndipo magazi ake akuundana pa nthawi yake, nthawi zambiri amachira. Woopsa ndi amene ALT yake ikutsika mofulumira koma chikasu chikukulirakulira, INR ikukwera, akugona masana, akusokonezeka mutu kapena akutuluka magazi m'nkhama. Apa ALT yatsika chifukwa maselo oti aitulutse atha. Wodwala wotero amafunika chipatala chachikulu tsiku lomwelo. Hepatitis E ndi yoopsa mwapadera kwa amayi oyembekezera m'miyezi itatu yomaliza, pomwe mayi mmodzi mwa anayi kapena asanu akhoza kumwalira.

Nambala za m'masauzande sizibwera ndi mavairasi okha. Kumwa panado wopyola muyezo ndi kutsika kwambiri kwa kuthamanga kwa magazi, monga munthu akataya magazi ambiri, zimakweza ma enzyme kuposanso hepatitis. Kuti adziwe vairasi yake, dokotala amafuna mayeso ena. Pa hepatitis B chimayezedwa ndi chizindikiro chotchedwa HBsAg, chimene chimaoneka ndi kadontho ka magazi a pachala m'mphindi zochepa.

Hepatitis B yokhalitsa

HBsAg ikapezekabe m'magazi patatha miyezi 6, matendawo amatengedwa kuti ndi okhalitsa. Mwa makanda amene atenga vairasi pobadwa, pafupifupi 90 pa 100 aliwonse amakhala nayo mpaka kalekale, pomwe mwa amene aitenga atakula ndi ochepera 5 pa 100. Mu Africa ambiri amaitenga ali ana. Lipoti la WHO la 2024 linanena kuti mu 2022 anthu 254 miliyoni padziko lonse anali ndi hepatitis B yokhalitsa, 50 miliyoni anali ndi hepatitis C, ndipo anthu 1.3 miliyoni anamwalira ndi matendawa chaka chimenecho.

Kuti munthu amvetse ALT pa hepatitis B, mfundo yaikulu ndi yakuti vairasiyi payokha siipha maselo a chiwindi kwenikweni. Chimene chimawapha ndi chitetezo cha m'thupi pofuna kuchotsa maselo amene vairasi yalowamo. ALT, motero, imayeza kukula kwa ndewuyo, osati kuchuluka kwa vairasi. Mwana kapena wachinyamata akhoza kukhala ndi mavairasi mamiliyoni m'kadontho ka magazi, ALT ili yabwinobwino, chifukwa chitetezo sichinayambe kulimbana nawo. Chikayamba, ALT imakwera n'kumatsika, kukwera n'kumatsika, kwa miyezi kapena zaka, ndipo ulendo uliwonse umasiya chipsera m'chiwindi. Mwa anthu ambiri ndewuyo imatha vairasi itachepa, ALT n'kukhazikika pansi. Mwa ena vairasi imadzukanso patapita zaka, munthu osamva chilichonse. Ichi n'chifukwa chake kuyeza kamodzi kokha sikukwanira. ALT yabwino mu Meyi siikutsimikiza kuti inali yabwino mu Januwale.

Zipsera zikachuluka chiwindi chimauma n'kukhala ndi timabampu, vuto limene madokotala amalitchula kuti cirrhosis. Pamenepa ndi pamene ma enzyme amanamiza kwambiri. Maselo amakhala atachepa, ndiye ALT ikhoza kukhala yabwinobwino kapena yokwera pang'ono chabe, ndipo AST imayamba kuiposa. Munthu angafike potupa mimba ndi madzi, kutupa miyendo kapena kusanza magazi, pepala lake likusonyeza ALT ya 35. Hepatitis C imachitanso chimodzimodzi: ALT yake imasinthasintha ndipo mwa ena imakhala yabwino zipsera zikupangika. Koma pa hepatitis C nkhani ya ALT inachepa mphamvu, popeza mankhwala amakono amachiza anthu opitirira 95 pa 100 ndipo WHO imalimbikitsa kupereka mankhwala kwa aliyense amene vairasi yapezeka m'magazi mwake, ALT ikhale yokwera kapena ayi.

APRI

Njira zabwino zoyezera zipsera ndi kudula kachidutswa ka chiwindi n'kukaunika, kapena makina oyeza kuuma kwa chiwindi monga FibroScan. Zonse ziwiri sizipezeka m'zipatala zambiri za kumidzi. M'malo mwake pali kuwerengetsa kotchedwa APRI, kumene kunafalitsidwa mu 2003 pa odwala hepatitis C, ndipo kumangofuna nambala ziwiri: AST ndi ma platelet, omwe ndi tizidutswa ta m'magazi tothandiza kutseka bala. Chiwindi chikauma, magazi amavutika kudutsamo, kapamba amatupa n'kumasunga ma platelet ambiri, ndiye m'magazi amachepa pomwe AST ikukwera. AST imagawidwa ndi malire ake, kawirikawiri 40, yankho limagawidwa ndi nambala ya ma platelet, kenaka n'kuchulukitsa ndi 100.

Mwachitsanzo, bambo wa hepatitis B amene AST yake ndi 52 ndipo ma platelet ndi 160: 52 kugawa ndi 40 ndi 1.3, kugawa ndi 160 n'kuchulukitsa ndi 100 ndi 0.81.

Tanthauzo la 0.81 ameneyu linasintha. Malangizo a WHO a 2015 ankati APRI yopitirira 2 ndiyo ikusonyeza cirrhosis, ndipo bambo uja akanauzidwa kuti adikire pokhapokha mayeso ena atanena zina. Gulu la ofufuza lotchedwa HEPSANET linasonkhanitsa zotsatira za odwala 3,548 ochokera m'maiko 8 a kumwera kwa Sahara, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, ndipo mu 2023 linafalitsa kuti malire a 2 ankagwira 16.5 peresenti yokha ya anthu amene analidi ndi cirrhosis. Kunena kwina, mwa anthu 6 a chiwindi chouma, asanu ankabwerera kwawo ngati alibe vuto lalikulu. Mu Marichi 2024 WHO inatulutsa malangizo atsopano. Tsopano APRI yopitirira 0.5 ikukwanira kuti munthu ayambe mankhwala, ndipo yopitirira 1 ikutengedwa ngati chizindikiro cha cirrhosis. Mankhwala amaperekedwanso kwa amene vairasi yake yapitirira 2,000 IU/mL ndipo ALT yadutsa malire, kwa amene ali ndi HIV kapena hepatitis C kapena D, ndi kwa amene ali ndi wachibale amene anadwala khansa ya chiwindi kapena cirrhosis. Kumene kuyeza kuchuluka kwa vairasi sikutheka, ALT yodutsa malire kawiri m'kati mwa miyezi 6 mpaka 12 ikukwanira payokha. Malangizowa akukhudza akuluakulu ndi achinyamata oyambira zaka 12.

Kutsitsa malire kuli ndi mtengo wake. Ena amene chiwindi chawo chilibe zipsera zambiri ayamba kumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Koma mankhwala a tenofovir ndi otsika mtengo ndipo anthu ambiri amawamwa popanda vuto, pomwe khansa ya chiwindi ikapezeka mochedwa nthawi zambiri imapha m'miyezi yochepa. Pakati pa zolakwa ziwirizi, yachiwiri ndi imene siibwezeka.

M'Malawi

Kuunika kwa kafukufuku wosiyanasiyana kumene kunafalitsidwa mu 2018 kunapeza kuti akuluakulu pafupifupi 8 pa 100 aliwonse m'Malawi anali ndi HBsAg. Katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana mu 2002, pamodzi ndi akatemera ena mu jakisoni mmodzi, ndipo amaperekedwa mwana akakwana milungu 6, 10 ndi 14. Kafukufuku amene anachitika ku Ndirande mu mzinda wa Blantyre, n'kufalitsidwa mu 2022, anapeza HBsAg mwa 5.1 peresenti ya anthu obadwa katemera asanabwere, ndi 0.3 peresenti ya obadwa atabwera. Pa chipatala cha Queen Elizabeth Central, odwala khansa ya chiwindi opitirira theka anapezeka ndi hepatitis B. Hepatitis C inapezeka yochepa, yosafika munthu mmodzi pa 100. Zimenezi zikutanthauza kuti katundu wa matendawa ali pa anthu obadwa chisanafike chaka cha 2002, omwe ndi makolo ndi alimi a lero.

Kuwerenga nambalazi m'dera ngati la Wimbe

Dera la Mfumu Yaikulu Wimbe lili m'boma la Kasungu, kum'mawa kwa tauni ya Kasungu, kufupi ndi Mtunthama. Ambiri amalidziwa chifukwa cha William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, amene anapanga makina opangira magetsi ndi mphepo. Anthu kumeneko amalima fodya, chimanga ndi mtedza. Monga m'madera ena a kumidzi, zipatala zazing'ono zimatumiza odwala ku chipatala cha boma cha Kasungu, ndipo matenda akakula amapita ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Mayeso a ALT ndi AST amafuna makina, magetsi ndi mankhwala a mu labotale, choncho kawirikawiri ndi a chipatala chachikulu, ndipo kwa mlimi ulendo uliwonse ndi ndalama ya thiransipoti ndi tsiku lotayika kumunda. Zikatero, nambala imodzi imene yapezeka imasenzetsedwa katundu wolemera. Koma moyo wa kudera ngati limeneli uli ndi zinthu zingapo zimene zimasuntha nambalayo.

Choyamba ndi ntchito. Kugalauza, kupanga mizere, kunyamula fodya kupita naye kuchigafa ndi kudinda mabelo ndi ntchito za minofu, ndipo minofu ikagwira ntchito yopyola muyezo imatulutsa AST, ndi ALT pang'ono, kwa masiku angapo. AST yokwera pamene ALT ili pansi, mwa munthu amene wangochoka pa ntchito yolemetsa, imafunika kuyezanso atapuma.

Mowa, kaya kachasu, masese kapena wa m'mabotolo, uli ndi chizindikiro chakechake. AST imaposa ALT kawiri kapena kupitirira, GGT imakwera, koma nambala sizikonda kudutsa 500. Chifukwa chimodzi n'chakuti omwa kwambiri amaperewera vitamini B6, imene ALT imaidalira kuposa AST. Mwa munthu amene ali ndi hepatitis B, mowa ndi vairasi zimathandizana kuumitsa chiwindi, ndipo nyengo yogulitsa fodya, ndalama zikalowa m'thumba, si nthawi yabwino yoti APRI inene zoona za vairasi yokha.

Malungo amasokoneza mbali zonse ziwiri za APRI. Amaswa maselo ofiira, zimene zimabweretsa chikasu ndi kukweza AST, komanso amatsitsa ma platelet. Munthu wa AST 36 ndi ma platelet 230 ali ndi APRI ya 0.39. Malungo akatsitsa ma platelet kufika pa 90, AST ili pomwepo, APRI imafika pa 1.0, chiwindi chisanasinthe ndi pang'ono pomwe. APRI yowerengedwa munthu akudwala malungo, kapena ali ndi hepatitis yongoyamba kumene, siiyenera kudaliridwa.

Likodzo la m'matumbo limanamiza mosiyana. Mazira a nyongolotsi zake amakodwa m'timitsempha ta m'chiwindi n'kupanga zipsera mozungulira timitsemphato, maselo a chiwindi osavulala kwenikweni. Wodwala amatupa kapamba, ma platelet amatsika, akhoza kusanza magazi, koma ALT ndi AST zili bwino. Apa chothandiza ndi kuunika ndi sikani ndi kuyeza chimbudzi.

Chuku cha mu mtedza ndi chimanga chosaumitsidwa bwino chimapanga poizoni wotchedwa aflatoxin. Akadyedwa pang'onopang'ono kwa zaka, mu nsima kapena mu nsinjiro, sakweza ALT moti n'kuonekera, koma amawononga malangizo a mkati mwa maselo a chiwindi. Mwa munthu amene ali ndi hepatitis B, chiopsezo cha khansa chimakula koposa kuphatikiza kwa ziwirizo. Chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino n'kusiya wofota ndi wosweka kuti udyedwe pakhomo chimaika poizoniyu pa mbale ya mlimi mwiniwake.

Mankhwala

Mankhwala ena a kuchipatala amakweza ma enzyme. Mwa mankhwala a chifuwa chachikulu, isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide onse akhoza kuvulaza chiwindi, ndipo chiopsezo n'chachikulu mwa amene ali ndi hepatitis B kapena omwa mowa. Lamulo lodziwika n'lakuti dokotala amaimitsa mankhwalawo ALT ikadutsa malire kasanu, kapena katatu ngati wodwala ali ndi chikasu, nseru kapena kupweteka m'mimba. Nevirapine, amene anali mu ma ARV oyamba kuperekedwa kwa anthu ambiri m'Malawi, ankadziwikanso ndi vutoli. Zitsamba zina nazonso zimavulaza chiwindi, ndipo popeza odwala ambiri sanena kuti amwa, dokotala amayenera kufunsa mosadzudzula.

Pali mgwirizano wapadera pakati pa ma ARV ndi hepatitis B. Ma ARV amene anthu ambiri akumwa m'Malawi kuyambira mu 2019 ali ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, ndipo awiri oyambawo amagwiranso vairasi ya hepatitis B. Munthu amene ali ndi mavairasi onse awiri amakhala akulandira chithandizo cha onse ndi piritsi limodzi, mwina osadziwa n'komwe kuti ali ndi hepatitis B. Akasiya kumwa, monga zimachitikira ena akasamuka kukagwira ntchito ku esiteti yakutali, vairasi ya hepatitis B imachulukanso, chitetezo chimaiukira, ndipo patapita milungu kapena miyezi ALT imatha kukwera mwadzidzidzi mpaka chiwindi kulephera. N'chifukwa chake HBsAg imayenera kuyezedwa munthu asanachotsedwe pa tenofovir. M'miyezi yoyamba ya ma ARV ALT ikhozanso kukwera chifukwa chitetezo chayamba kubwerera ndipo chapeza vairasi m'chiwindi.

Kutsatira wodwala

Munthu wa hepatitis B amene sanayambe mankhwala amayenera kuyezedwa ALT, AST ndi ma platelet kosachepera kamodzi pachaka, komanso kuchuluka kwa vairasi ngati n'kotheka. Makina a GeneXpert, amene zipatala za m'maboma zimagwiritsa ntchito poyeza chifuwa chachikulu, amathanso kuyeza vairasi ya hepatitis B ngati zipangizo zake zilipo. Zotsatira zikalembedwa ndi deti lake m'kabuku ka kuchipatala, dokotala wina aliyense akhoza kuona ngati ALT ikukwera, ikutsika kapena yangokhala pamodzimodzi.

Mwa amene ayamba tenofovir kapena entecavir, ALT kawirikawiri imabwerera m'malire pakatha miyezi ingapo, ndipo kwa zaka zipsera zina zimachepa. Mankhwalawa amapondereza vairasi koma saichotseratu, ndiye ALT yabwino si chilolezo chosiyira kumwa. Omwa tenofovir amayezedwanso impso. ALT siiona khansa: chotupa chikhoza kukula nambala zili bwino. Pa chifukwa chimenechi, amene ali ndi cirrhosis kapena mbiri ya khansa ya chiwindi kubanja kwawo amayenera kuunikidwa chiwindi ndi sikani miyezi 6 iliyonse, nthawi zina pamodzi ndi kuyeza puloteni ya m'magazi yotchedwa AFP.